Mawanga wabwera ku opareshoni, ndithandizeni kasamalidwe kake

LACHIWIRI MADZULO

Amake Tadala (Kamuzu Road): Mwaswera bwanji nonse. Ndangotsika minibasi kuchokera ku Lilongwe ndi kamphaka kanga, Mawanga. Ali ndi miyezi 6, lero m'mawa amuchita opareshoni yotseka kuti asamabereke. Adokotala anandifotokozera zambiri, koma nzeru zanga zinali pa ulendo wobwerera, zina zandithawa. Panopa wagona m'katoni, maso ali tong'o, mboni zakula ngati za kadzidzi. Akati aimirire akudzandira. Ndamuikira usipa wangonunkhiza n'kutembenuka. Kodi zimatero? Mtima wanga suli m'malo.

NaNkhoma (Senga Bay): Khazikani mtima pansi mayi, ndi mankhwala ogonetsa aja, amatenga mpaka mawa kuti atheretu m'thupi. Onjezanipo makilomita pafupifupi 100 a msewu wa Lilongwe m'dzuwa la Okutobala lino, ngakhale munthu amafika ali lefu. Katoniyo ikhale pansi, osati pabedi kapena pampando, angagwe. Muyalireni chitenje choyera. Kunja kukutentha inde, koma usiku woyamba thupi lake limazizira msanga chifukwa cha mankhwalawo. Madzi muike pafupi m'kambale kosazama. Chakudya musamukakamize lero.

Achimwene a ku Chipoka: Ndi ululu umenewo achemwali. Phwanyani theka la Panado, musungunule m'madzi mumumwetse ndi supuni, agona bwino.

NaNkhoma (Senga Bay): AYI! Amake Tadala musayerekeze. Mwawerenga? Yankhani chonde.

Amake Tadala (Kamuzu Road): Ndawerenga, sindinamupatse. Koma ndinene zoona, ndinali nditatsegula kale kabati.

Mlangizi wopuma (Nkhotakota): Achimwene, mwanena mwachifundo, koma uthengawo muufufute, wina angauwerenge wokhawo osafika pansi pano. Panado, kapena piritsi lililonse lolembedwa paracetamol, kwa mphaka ndi poizoni. Chiwindi cha munthu chimatha kuphwanya mankhwala amenewa n'kuwatulutsa, cha mphaka sichitha. Akalowa amawononga magazi, magaziwo amaleka kunyamula mpweya. Nkhama zimasanduka zoderako ngati khofi, nkhope ndi mapazi zimatupa, mphaka amapuma mobanika. Piritsi limodzi la mamiligalamu 500 n'lokwanira kumupha, theka lomwelo kwa kamphaka ka makilogalamu 2 n'lochuluka kwambiri. Brufen nayenso ayi, amawononga impso ndi m'mimba. Mayi, yang'anani m'chikwama, adokotala sanakupatseni mankhwala opita nawo kunyumba?

Amake Tadala (Kamuzu Road): Alipo bambo, kabotolo ka madzi kolembedwa meloxicam, ndi kasirinji kopanda singano. Papepala alemba kuti ndiyambe mawa, kamodzi patsiku.

Mlangizi wopuma (Nkhotakota): Amenewo ndiye oletsa ululu ake. Lero amubaya kale kuchipatala, n'chifukwa chake alemba mawa. Muzimupatsa atadya, muyezo womwe alembawo, osawonjezera dontho ngakhale akulira. Akasanza, akatsegula m'mimba kapena akakana chakudya, musam'patse, imbani foni kaye.

Abiti wa ku Linga: Ine nkhani iyi imandiwawa mpaka lero. Ndinali ndi mphaka wamkazi wakuda, analumidwa mwendo ndi galu. Ndinamumvera chisoni, ndinam'patsa piritsi la mutu lomwe timamwa tonse. Pofika mawa lake nkhope inali itatupa osazindikirika, akupuma pakamwa. Sanathe masiku awiri. Bala la galu lija akanachira nalo. Ndinamupha ndine ndi dzanja langa, ndili kuganiza kuti ndikumuthandiza. Kwathu tinaleredwa kuti mphaka sazunzidwa, amalowa mpaka pamkeka wopempherera palibe womuthamangitsa, ndiye ndinalira ngati ndataya munthu.

Achimwene a ku Chipoka: Pepani nonse, sindimadziwa. Ndafufuta. Pepani Abiti.

LACHITATU

Amake Tadala (Kamuzu Road): Mwadzuka bwanji. Wadzuka, maso abwerera m'malo, wakodza. Koma tili pa nkhondo ndi kolala ya pulasitiki ija yooneka ngati fanelo. Akuyenda chambuyo, akugunda zipupa, akafika pambale kolala ikukankha mbaleyo. Tadala akulira kuti tikumuzunza. Ndingoivula?

NaNkhoma (Senga Bay): Musavule. Tsiku loyamba onse amatero, pofika mawa azolowera. Lilime la mphaka mukulidziwa mmene limakhalira, ngati tupa. Mphindi zochepa zokha akunyambita, ulusi waduka. Chakudya muike pa sosala yafulati, sosalayo muiike pamwamba pa kachitini kuti kolala izipita m'mbali. Pakati pa khosi ndi kolala pazilowa zala ziwiri, osaposa apo.

Amake Tadala (Kamuzu Road): Zatheka, wadya pang'ono! Ndimafuna kumugulira mkaka kuti apeze mphamvu.

Mlangizi wopuma (Nkhotakota): Mkaka usiyeni. Amphaka ambiri akasiya kuyamwa mimba yawo siigaya mkaka wa ng'ombe, amatsegula m'mimba, ndipo kutsegula m'mimba ali ndi bala pamimba pomwepo n'kosafunika. Ife a kunyanja tili ndi mwayi, chakudya chake tili nacho pakhomo. Usipa kapena utaka wauwisi muuwiritse m'madzi okha, popanda mchere, mafuta kapena tomato. Ngati ndi chambo chotsani minga. Dzira lowiritsa, kachidutswa ka nkhuku kopanda fupa. Chimene ndikuletseni kwambiri ndi ndiwo zotsala za pabanja, chifukwa muli anyezi. Anyezi ndi adyo amaphwanya magazi a mphaka pang'onopang'ono, ophika ndi osaphika omwe. Nsomba yaiwisi tsiku ndi tsiku nayonso si yabwino. Nsima kapena kondowole angadye chifukwa cha njala, koma mphaka ndi nyama yodya nyama, bala silipola ndi ufa.

Bambo a Yamikani (Lifuwu): Ndifunse nawo, musandimve molakwa. Ine amphaka ndimaweta chifukwa cha makoswe m'nyumba yosungira mpunga. Ndalama ya minibasi kupita ndi kubwera, ya dokotala, ya mankhwala, zonsezi chifukwa cha chona? Komanso ndinamva kuti mphaka wotsekedwa amangonenepa, makoswe akumudutsa pamphuno. Nanga Mulungu anamulenga kuti azibereka, ife n'kumachotsa chiberekero?

Amake Tadala (Kamuzu Road): Funso lake n'lomveka bambo, amuna anga anafunsanso chimodzimodzi. Ndikuuzeni za amake Mawanga. Anali mphaka wa aneba. M'chaka chimodzi anabereka katatu. Ana akadali kuyamwa, iye ali kale ndi bere lina. Anatha thupi mpaka nthiti kumawerengeka, ubweya kuthothoka. Ana ake ena ankatoledwa ndi agalu, ena anawaika m'thumba kukataya kutchire chifukwa panalibe wowafuna. Mawanga ndinamutola kuseri kwa bafa ali ngati khoswe, maso ali manthongo okhaokha. Ndinamulera ndi manja angawa. Sindikanatha kuonerera zomwezo zikumuchitikira iyenso, ndipo ine ndilibe malo oika amphaka khumi pachaka.

Mlangizi wopuma (Nkhotakota): Za makoswe musade nkhawa bambo. Kusaka sikuchokera m'chiberekero. Wotsekedwa amagwira makoswe ngati kale, ndipo amakhala pakhomo chifukwa sathawa usiku kukafuna amuna, sakhala milungu ali ndi bere kapena akuyamwitsa. Kunenepako n'koona pang'ono, njala imakula pamene thupi likufuna chakudya chochepa, koma mankhwala ake n'kuchepetsa m'mbale basi. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, bere lake ndi la masiku pafupifupi 63. Werengani nokha. Pa opareshoniyi amachotsa chiberekero ndi timatumba ta mazira, choncho matenda a mafinya m'chiberekero samupezanso, ndipo akatsekedwa ali wamng'ono chonchi khansa ya mawere imachepa kwambiri.

Bambo a Yamikani (Lifuwu): Ndamva. Ndionera kaye wanuyo mmene achirire.

NaNkhoma (Senga Bay): Amake Tadala, chimbudzi chake mwakonza bwanji? Musamutulutse kuti akafukule panja.

Amake Tadala (Kamuzu Road): Ndatapa mchenga m'beseni.

NaNkhoma (Senga Bay): Mchenga umamatirira pabala, komanso wapanja umakhala ndi zonyansa za nkhuku ndi agalu. Ng'ambani nyuzipepala kapena makope akale tizidutswa, mudzaze beseni losazama. Akakana, wazani kamchenga pang'ono pansi pa mapepalawo kuti amve fungo lake. Muzisintha tsiku lililonse. Akapanda kuchita chimbudzi masiku awiri musadabwe, anagona ndi njala asanachitidwe opareshoni. Koma mkodzo wokha uzionekera tsiku ndi tsiku.

LACHINAYI

Abiti wa ku Linga: Mawanga wadzuka bwanji? Ndimati ndikuuzeni, wanga wapano atatsekedwa anakaniratu kolala, masiku awiri osadya. Ndinatenga mwendo wa kathalauza ka mwana kotanuka kaja, ndinaboola mabowo anayi a miyendo, ndinamuveka ngati kamalaya. Bala linabisika, iye n'kumadya bwinobwino.

NaNkhoma (Senga Bay): Imathandiza njira imeneyo, koma ena amatafuna nsaluyo mpaka kufika pabala. Ndipo ndi kutentha kwa kuno, nsalu ikanyowa ndi mkodzo kapena malovu bala limafewa. Ine ndimati ngati wazolowera kolala musasinthe.

Abiti wa ku Linga: N'zoona, ndinkasoka tiwiri, kena kakachapidwa kena ali nako. Koma kanamutchinjiriza ku ntchentche, pajatu kuno nyengo ino ntchentche ndiye zosayamba.

Mlangizi wopuma (Nkhotakota): Abiti mwakhudza pamene ine ndimaopa kuposa ponse. Pa ntchito yanga ndaona mabala ambiri a mbuzi ndi agalu ataonongeka ndi ntchentche m'miyezi ino. Ntchentche ikatera pabala lonyowa imaikira mazira, ndi kutentha kwa kunyanja kuno pofika mawa lake mwayamba mphutsi. Amene muli pafupi ndi matandala oyanikira nsomba ndiye muchenjere kawiri. Mawanga akhale m'chipinda chotseka, pazenera pakhale sefa kapena nsalu yopyapyala. Musankhe chipinda chozizirirapo, chapansi pa simenti, osati kakhitchini ka malata komwe masana kamakhala ngati uvuni. Mphaka si galu, sapuma ndi pakamwa wambawamba. Mukamuona ali yasa pakamwa, lilime panja, ndiye kuti zavuta, mupititseni pozizira ndipo imbani foni nthawi yomweyo. Bala muziliona kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, pamalo owala. Kuona ndi maso basi, osalipaka kanthu.

Amake Tadala (Kamuzu Road): Ndimaganiza zokolopa chipindacho ndi Dettol kuti majeremusi afe.

Mlangizi wopuma (Nkhotakota): Sopo ndi madzi zikwana mayi. Mankhwala okolopera amene amasanduka oyera ngati mkaka mukawathira m'madzi sagwirizana ndi mphaka. Akaponda pansi ponyowa amanyambita mapazi, amapsa pakamwa n'kudwala. Mankhwala opopera udzudzu nawonso musapopere m'chipinda chake. Dibi wa agalu ndiye musam'yandikize n'komwe, wina ali ndi mankhwala otchedwa permethrin, mphaka amanjenjemera n'kukomoka. Kusamba asasambe mpaka bala litapola.

LOWERUKA M'MAWA

Amake Tadala (Kamuzu Road): Abale thandizeni, zavuta. Dzulo ndinapita kumsika, Tadala anamuvula kolala chifukwa cha chisoni, n'kusiya chitseko chotsegula. Ndinamupeza Mawanga ali pamwamba pa kabati. Lero pansi pa bala patupa ngati nthudza. Ndatumiza chithunzi, onani. Mwana wanga sanagone, akungolira kuti wapha mphaka.

Agogo a ku Khombedza: Mwanawe, tenga phulusa la pamoto lozizira uthire pamenepo liume. Ife mbuzi tikathena timatero. Kapena ka GV.

NaNkhoma (Senga Bay): Agogo, pa mbuzi ndi nkhani ina, bala la tonde lili kunja. Apa anatsegula mimba mpaka m'kati, ndipo mphaka chilichonse chopakidwa pathupi amachimeza. Tisathirepo kanthu.

Mlangizi wopuma (Nkhotakota): Mayi, pumani kaye, ndiyankheni izi. Akudya? Akuyenda? Chotupacho chikutentha mukachikhudza ndi kuseri kwa chala chosamba? Pakutuluka madzi, magazi kapena mafinya? Pali fungo? Milomo ya bala yatseguka? Kwezani mlomo wake muone nkhama, n'zofiirira bwino kapena zayera?

Amake Tadala (Kamuzu Road): Wadya usipa wonse m'mawa uno. Akuyenda, akufuna kusewera. Sipakutentha, sipakutuluka kanthu, fungo palibe. Ulusi onse anayi alipo. Nkhama n'zofiirira. Ndikamugwira akuchita nkonono uja wa amphaka, ndiye mwina sakumva kuwawa.

Mlangizi wopuma (Nkhotakota): Nkononowo musaudalire, mphaka amauchita ngakhale ali mu ululu, ndi nyama yobisa matenda. Koma zina zonsezo zandilimbitsa mtima. Pali zinthu zitatu zimene zimatupitsa malo amenewo. Pena ndi madzi amene amasonkhana pansi pa chikopa mphaka akadumphadumpha, amaphwa okha. Pena ndi thupi likulimbana ndi ulusi wam'kati, pamakhala kolimba ngati kamwala, nakonso kamatha pakapita milungu. Chachitatu ndicho choopsa: ulusi wa mnofu wam'kati ukaduka, mafuta kapena matumbo amasuzumira pansi pa chikopa ngakhale kunja kukuoneka kosokedwa bwino. Chimenecho chimafuna kusokanso. Pa chithunzi sindingasiyanitse, ndipo musachifinye kapena kuchiboola. Imbirani adokotala amene anamuchita opareshoni, lero lomwe asanatseke, muwatumizire chithunzi ndi kanema. Iwo ndi amene akudziwa mmene anasokera.

Abiti wa ku Linga: Tadala musamukalipire kwambiri amake. Mtima womwe unamuvulitsa kolalawo ndi womwe unanditengetsa piritsi ine. Mufotokozereni, mupatseni ntchito yoyang'anira chitseko, muona akhala mlonda woposa nonse.

Amake Tadala (Kamuzu Road): Ndalankhula nawo adokotala pa kanema. Anandiuza kuti ndimuimike, kenako ndimugoneke chagada, aone ngati chotupacho chikusintha. Akuti zikuoneka kuti ndi madzi, koma ndijambule m'mawa ndi madzulo nditaika ndalama yachitsulo pambali pake kuti tidziwe ngati chikukula. Chikakula, chikafiira, akasanza, kapena akakana chakudya tsiku lathunthu, ndinyamuke osadikira Lolemba. Ndipo akuti asadumphenso ngakhale kamodzi. Vuto n'lakuti m'nyumba mwanga chipinda chilichonse muli chokwerapo.

Achimwene a ku Chipoka: Ndili ndi chikwere cha nkhuku cholukidwa ndi nsungwi, chachikulu ndithu. Ndikhoza kuchikweza minibasi ya masana, mukachilandire pa depoti.

NaNkhoma (Senga Bay): Ngati munagonamo nkhuku muli utitiri ndi zitosi achimwene.

Achimwene a ku Chipoka: N'chatsopano, ndinagula sabata yatha, anapiye ake sanaswe n'komwe.

Mlangizi wopuma (Nkhotakota): Ndiye chabwino kwambiri. Muchipukute, mupinde nsonga zonse zotuluka kuti zisamubaye, pansi muyale katoni ndi chitenje. Mukhale malo a kambale ka madzi mbali ina, beseni la mapepala mbali ina. Alira masiku awiri oyamba, limbani mtima. Muzikhala naye pafupi, muzimusisita m'mutu ndi pansi pa kolala pomwe sangathe kudzikanda.

LACHIWIRI

Amake Tadala (Kamuzu Road): Lero sabata yakwana. Chotupa chija sichinakule, chayamba kuphwa, tsopano n'chochepa kuposa ndalama ija. Chikwere chathandiza, zikomo achimwene, Mulungu akudalitseni. Tadala wajambula kalendala pakhoma, akudula tsiku lililonse ndi pensulo, ndipo palibe amene akutsegula chikwerecho popanda chilolezo chake. Koma bala likuoneka louma kale, lagwirana bwino. Sindingamutulutse?

NaNkhoma (Senga Bay): Apa m'pamene ambiri amagwera. Chikopa chimagwirana msanga, mnofu wam'kati umachedwa. Komanso bala likamapola limayabwa, ndiye masiku ano ndi amene angalikande kwambiri. Anakuuzani masiku angati?

Amake Tadala (Kamuzu Road): Anati 10 mpaka 14, ulusi adzachotse pa tsiku la 12 chifukwa cha kutupa kuja. Agwirizana ndi alangizi a ziweto a kuno kuti achotse iwo, ndisavutikenso ndi ulendo wa ku Lilongwe.

Agogo a ku Khombedza: Ulusi sungachotse wekha ndi lumo mwanawe?

Mlangizi wopuma (Nkhotakota): Ayi agogo, wochotsayo amaonanso ngati pansi pagwira. Ndisanaiwale, mayi, mukakumana ndi alangiziwo muwafunse za katemera wa chiwewe ngati sanabayitse. Anthu timakumbukira agalu okha, chonsecho mphaka nayenso amatenga chiwewe n'kupatsira munthu, ndipo ndi amene amagona ndi ana. Amabaya kuyambira miyezi 3.

LAMULUNGU

Amake Tadala (Kamuzu Road): Ulusi achotsa dzulo madzulo, alangizi anati tsiku limodzi silisokoneza chifukwa bala lauma ndithu. Sanalire n'komwe. Kolala anati ikhale mpaka mawa kuti timabowo ta ulusi titsekeke. Ubweya wayamba kumera pamimba. Katemera wa chiwewe abwera kudzabaya sabata yamawa. Lero m'mawa buluzi anadutsa pakhoma, mukanaona mmene anagwadira, mchira uli gwedegwede, kolala ili m'khosi.

Bambo a Yamikani (Lifuwu): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Wanga wamkazi ali ndi ana anayi a milungu 3, aka n'kachiwiri chaka chino. Ndingayambire pati? Ndi ana akewo nditani?

Mlangizi wopuma (Nkhotakota): Musiyeni ayamwitse mpaka ana akwane milungu 8, kenako muwalekanitse milungu iwiri kuti mkaka uume, m'pamene opareshoni imakhala yosavuta. Pakati apa musamulole kuyenda usiku, angatengenso bere asanaletse kuyamwa. Ku Lilongwe a bungwe losamalira nyama la LSPCA amagwira ntchito yotseka agalu ndi amphaka, imbani kaye mumve tsiku ndi mtengo, mufunsenso za ana aja, aakazi ndi aamuna omwe, kuti adzapite ali ndi miyezi ingati. Adzakuuzani nthawi yomusiyitsira chakudya usiku wake, muitsatire. Ponyamula, katoni yolimba yobowola kapena dengu lomanga bwino, osati thumba la feteleza, ndipo mukwere ya m'mamawa dzuwa lisanakule.

Amake Tadala (Kamuzu Road): Bambo a Yamikani, kolala ndiichapa ndikusungirani, mukamadutsa pa Kamuzu Road mudzandiimbire. Achimwene a ku Chipoka, chikwere ndibweze liti?

Achimwene a ku Chipoka: Anapiye aswa Lachinayi koma ndawapezera pena. Chipite ku Lifuwu kaye, adzandibwezera akamaliza.